Dzina Limene Linatsala pa Church Road

Chaka chatha, m'mawa wina wa January, ndinakwera minibasi pa Chelstone ndi mlongo wanga wamng'ono. Anali atangopatsidwa malo pa Evelyn Hone College, ndipo amayi anandituma kuti ndimuperekeze kukalembetsa. Pa Great East Road motoka zinali zitathinana monga mwa masiku onse, ndiye pofika pa Munali anthu anali atayamba kale kuchezerana. Mnyamata wina wa kumpando wakumbuyo anasuzumira kalata imene mlongo wanga anaika pamwendo, nafunsa mokweza kuti, “Koma Evelyn wamene uyu anali mkazi wa ndani kuti apatsidwe koleji yonse?”

Mdala wina wovala jekete yakale anatembenuka. “Sanali mkazi iwe. Anali mwamuna, bwanamkubwa womaliza wa atsamunda.” Basi yonse inaseka, kenako mkangano unabuka. Wina anati Broken Hill inasanduka Kabwe, Fort Jameson inasanduka Chipata, King George Avenue inasanduka Independence Avenue, nanga dzina ili lokha linapulumuka bwanji? Mdala uja anati munthuyo anali wabwino. Mayi wina wa pafupi ndi chitseko anati palibe mtsamunda wabwino, alipo chabe amene anadziwa nthawi yonyamuka. Tinaseluka pa Kulima Tower nkhani isanathe.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Kabwata kwa ambuya, amayi a atate anga. Iwo anafika mu Lusaka mu 1957 kuchokera kumudzi kwathu kufupi ndi Chipata, atangokwatiwa kumene. Ndinawafunsa kuti anthu anamulandira bwanji Hone pamene anakhala bwanamkubwa. Anasiya kusadzula nyemba, nandiyang'ana. “Anthu ati, mdzukulu wanga? Ife a m'komboni, kapena adona amene agogo ako aamuna anali kuwaphikira ku Woodlands?”

Funso lawolo landiyendetsa miyezi ingapo, m'mabuku ndi m'makonde a okalamba, ndipo ndi limene ndifuna tikambirane pano.

Mpando wotentha

Evelyn Hone anabadwira ku Salisbury, Harare wa lero, mu 1911. Anaphunzira ku Oxford, nagwira nchito m'maboma a atsamunda ku Tanganyika, ku Aden ndi kwina. Anafika mu Lusaka mu 1957 kudzakhala Chief Secretary, ndiye kuti mkulu wa nchito zonse za boma pansi pa bwanamkubwa Sir Arthur Benson. Mu April 1959 analowa m'malo mwa Benson. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma uyu sanali mlendo kwenikweni. Anali atakhala kale zaka ziwiri mu ofesi imene inali kulemba ndi kudinda zonse zimene anthu a m'komboni anali kudandaula nazo.

Mpandowo anaupeza wotentha. Mu October 1958 Kenneth Kaunda, Simon Kapwepwe ndi anzawo anachoka mu African National Congress ya Harry Mwaanga Nkumbula ndi kuyambitsa Zambia African National Congress, ZANC. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali chakuti Nkumbula anavomera kulowa m'chisankho chokonzedwa ndi malamulo atsopano a Benson, pamene iwo anali kuti malamulowo ndi msampha. ZANC inauza anthu kuti asalembetse ndipo asavote. Pa 3 March 1959 boma la Nyasaland linalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, linagwira Dr Kamuzu Banda, ndipo asilikali anapha anthu ku Nkhata Bay ndi kwina. Patangopita sabata imodzi ndi masiku ochepa, Benson analetsa ZANC, napita pa wailesi kukaiyerekezera ndi gulu la zigawenga za ku America lotchedwa Murder Incorporated. Kaunda anatumizidwa ku Kabompo, atsogoleri ena kumadera ena akutali. Chisankho chinachitika pa 20 March, ndipo United Federal Party, chipani cha Sir Roy Welensky, chinapambana.

Pamwamba pa zonsezi panali Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene ambuya mpaka lero amachitcha Federeshoni. Kuyambira 1953 mphamvu zinali zogawika pawiri. Asilikali, msonkho waukulu, zipatala ndi masukulu a ana a azungu zinali m'manja mwa boma la ku Salisbury. Apolisi, malo, mafumu ndi masukulu a ana a anthu akuda zinali m'manja mwa bwanamkubwa, amene bwana wake anali nduna yoona za maiko a atsamunda ku London. Choncho Hone anali pakati pa mabwana awiri, wina ku London wina ku Salisbury, ndipo aliyense mu Lusaka anali kuyang'ana kuti adzapendekera kuti.

Zimene anaika patsogolo m'miyezi yake yoyamba zinali zoonekeratu. Choyamba chinali bata. Chachiwiri, kuti malamulo a Benson apatsidwe nthawi yogwira nchito. Chachitatu, kuti dziko likonzekere msonkhano wounikanso Chitaganya umene unali kuyembekezeka mu 1960. Mu June 1959, Hone ali kale pa mpando, Kaunda anaweruzidwa kukhala m'ndende miyezi 9, ndipo mbali ina ya chilangocho anakaigwirira ku Salisbury.

Mzinda wa mipanda

Kuti timve chifukwa chake mitu itatu imeneyi inamveka mosiyana, tiyenera kuona Lusaka wa nthawi imeneyo. Kum'mawa, pamtunda, kunali Ridgeway ndi maofesi a boma, Government House imene lero ndi State House, ndiyeno Woodlands ndi Kabulonga, kwa azungu. Sukulu zimene lero timazitcha Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls zinali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, za ana a azungu. Amwenye anali ndi masitolo awo ku Kamwala. Makaladi ambiri anali ku Thorn Park. Anthu akuda anali ku Kabwata, Chilenje, Matero ndi m'makomboni ena osavomerezeka a m'mphepete. Nyumba zozungulira zofolera udzu zimene mumaziona pa Kabwata Cultural Village, m'mbali mwa Burma Road, sizinamangidwe kuti alendo azigulirapo ziboliboli. Zinali nyumba za amuna obwera kudzagwira nchito, zomangidwa ndi maganizo akuti munthu wakuda ndi wodutsa chabe m'tauni, banja lake litsale kumudzi.

Kalembera wa 1961 anapeza azungu pafupifupi 75,000 m'dziko lonse, ndipo amwenye sanafike 10,000. Kalembera wa anthu akuda wa 1963 anapeza anthu oposa mamiliyoni atatu. Koma pa chisankho cha March 1959, anthu akuda olembetsedwa kuvota sanafike 10,000. Kuti munthu avote anafunika malipiro, katundu kapena maphunziro amene ambiri analibe njira yowapezera. Masiku amenewo, munthu akati “maganizo a anthu”, anali kutanthauza mavoti, makalata a mu Northern News ndi Central African Post, ndi zokambidwa m'makalabu amene munthu wakuda anali kulowamo atanyamula thireyi. Ambuya ndi anzawo a pa mpopi wa madzi ku Kabwata analibe pena paliponse mwa malo atatuwa.

Zimene khitchini inamva

Agogo aamuna anali khukhi wa banja lina la azungu ku Woodlands. Bwana wawo anali ndi bizinesi m'tauni. Agogo anali kugona m'kanyumba ka kuseri masiku a nchito, ndi kubwera ku Kabwata pa njinga Loweruka madzulo. Khukhi amamva zambiri, chifukwa anthu odyera patebulo amaiwala kuti woperekera mbale ali ndi makutu.

Ambuya akumbukira kuti poyamba agogo anabwera ndi nkhani yakuti m'nyumba muja muli chikondwerero. Bwanamkubwa watsopano anali mwana wa Rhodesia, osati munthu wotumizidwa kuchokera ku London amene sanaonepo fumbi la October. Kwa azungu a bizinesi, alimi a m'mapulazi ozungulira Lusaka ndi anzawo a m'migodi, chofunika chinali chakuti apolisi akhale olimba, ZANC isadzukenso, ndipo Chitaganya chipatsidwe ufulu wodzilamulira chikali m'manja mwawo. Anali ndi madandaulo awo ndithu. Ndalama za mkuwa zinali kukamanga Salisbury, mzinda umene azungu a kumpoto kuno anali kuutcha Bamba Zonke, wotenga zonse. Damu lalikulu linamangidwa pa Kariba m'malo mwa pa Kafue. Koma poyerekeza ndi voti ya munthu aliyense, zimenezo anaziona zazing'ono.

Si azungu onse amene anali ndi mtima umodzi. Ma DC ndi akuluakulu a boma a ku Ridgeway anali anchito a London, ndipo ambiri a iwo anali atauza kale akuluakulu awo kuti Chitaganya sichifunidwa m'midzi. Panali Sir John Moffat, amene anali kufuna kuti mphamvu zisamutsidwe pang'onopang'ono. Panali Dr Alexander Scott, atate a Guy Scott, amene mu 1960 anathandiza kuyambitsa African Mail, kholo la Zambia Daily Mail ya lero. Panali m'busa Colin Morris wa ku Chingola, amene analemba buku pamodzi ndi Kaunda mu 1960, ndi Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu amene pambuyo pake analowa UNIP. Awa anali ochepa, koma mawu awo anali kufika ku Government House. Kwa iwo bata lokha silinali lokwanira. Anali kufuna kuti bwanamkubwa akambe ndi anthu amene anali m'ndende.

Amwenye a ku Kamwala anali pakati. Makasitomala awo anali anthu akuda, ziphaso zawo zinali kuchokera kwa azungu. Ambiri a iwo anali ndi voti, koma m'mahotela ndi m'makalabu a azungu sanali kulandiridwa. Ena anali kuthandiza zipani za anthu akuda ndi ndalama mwakachetechete, ena anali kuopa kuti sitolo zawo ndi zimene zidzayambe kugendedwa zinthu zikavuta. Makaladi nawonso anali ndi mantha awo, poti malamulo anali kuwaika pamwamba pang'ono pa akuda ndi pansi kwambiri pa azungu, ndipo sanadziwe kuti kusintha kukabwera adzagwera mbali iti.

Kabwata sinali mawu amodzi

Apa ndi pamene ine ndinali wolakwa. Ndinali kuganiza kuti komboni yonse inali kuganiza chimodzi. Ambuya anaseka.

Panali akalaliki a boma, aphunzitsi ndi amesenjala, anthu a nsapato zopolisha. Ena a iwo anali ndi voti, ndipo ena anavotadi mu March 1959, pamene Nkumbula anapata mpando m'nyumba ya malamulo. Awa anali kuyembekezera kuti bwanamkubwa watsopano atsegule nchito zapamwamba zimene zinali zosungidwira azungu, awonjezere masukulu a sekondale monga Munali, ndipo malipiro ayandikane. Sanali okonda atsamunda. Anali ndi nyumba ya khonsolo ndi ana pa sukulu, ndipo anali kudziwa kuti nchito ikatha, nyumba nayo yapita.

Panali anyamata omaliza Standard 6 amene analibe malo ku sekondale ndiponso analibe nchito. Kwa iwo Hone anali Benson wovala suti ina. Bata limene anali kulikamba linali lija la apolisi obwera mbandakucha kudzafunsa chitupa ndi risiti ya msonkho. Anyamata amenewa ndi amene anadzaza misonkhano ya UNIP chipanicho chitayamba mu October 1959, Mainza Chona atagwirizira mpando kudikira kuti Kaunda atuluke.

Panali azimayi. Ambuya akuti iwo sanali kudziwa ngakhale nkhope ya Hone, koma anali kudziwa bwino zimene anali kufuna kwa iye. Mkazi wopanda chikalata cha ukwati, chimene anali kuchitcha muchato, anali kutha kubwezedwa kumudzi. Wophika mowa kunyumba anali kuthiridwa mowa wake pansi ndi kulipitsidwa, chifukwa phindu la mowa linali la bara ya khonsolo. Kubuchala zambiri za m'tauni munthu wakuda anali kugulira pa kazenera ka pambali, ndi kulandira nyama yokulungidwa kale imene sanaisankhe, nkhani imene inachititsa ANC kunyanyala mabuchala mu Lusaka mu 1954. Kwa azimayi amenewa funso silinali la mipando ingati m'nyumba ya malamulo. Linali lakuti, kodi mawa ndidzalowera pakhomo kapena pazenera?

Ndiye panali mafumu. Ambiri a iwo anakana Chitaganya kuyambira pachiyambi, koma malipiro awo ndi udindo wawo zinali m'manja mwa bwanamkubwa, amene anali ndi mphamvu yowachotsa. Ku Barotseland, Litunga Sir Mwanawina Lewanika anali ndi nkhawa ina: kuti mapangano akale a dziko lake ndi Britain asamezedwe ndi boma la anyamata a m'tauni.

Chaka chimene nkhope zinatembenuka

Zinthu zinayamba kusuntha kuchokera kunja. Mu July 1959 lipoti la Devlin linadzudzula mmene boma la Nyasaland linachitira ndi anthu. Mu October Iain Macleod anakhala nduna yoona za maiko a atsamunda. Mu January 1960 Kaunda anatuluka m'ndende, nakhala pulezidenti wa UNIP, nalowa m'nyumba nambala 394 ku Chilenje, imene lero ndi malo osungirako mbiri, ulendo waufupi chabe kuchokera ku Kabwata. Hone anayamba kukumana naye ndi kukambirana.

Ambuya akuti ndi nthawi imeneyi pamene nkhani za ku Woodlands zinasintha. Agogo aamuna anali kubwera ndi mawu akuti bwanamkubwa tsopano akutchedwa wofooka, munthu amene waiwala kumene anabadwira. Munthu yemweyo amene chaka chapitacho anali “mwana wathu”.

Mu March 1960 Macleod anafika mu Lusaka. Azimayi otsogozedwa ndi Mama Julia Chikamoneka anakamuchingamira atavula kumtunda, mabere poyera, chinthu chimene mwa mwambo wathu mayi wamkulu sachita pokhapokha zinthu zitafika pothera. Analibe voti, analibe nyuzipepala, ndiye anakamba ndi chimene anali nacho.

Koma musaganize kuti kuchokera apo Hone anakhala bwenzi la komboni. Mu May 1960 Lilian Burton, mayi wachizungu, anatenthedwa m'motoka yake pafupi ndi Ndola, namwalira patapita masiku. Hone analetsa UNIP ku Copperbelt. Mu July, Congo itangolandira ufulu, azungu a ku Belgium othawa anadzaza matauni a m'migodi, ndipo mantha a ku Kabulonga anakula. Chaka chomwecho lamulo latsopano linatsegula malo odyera, mahotela ndi makanema kwa mitundu yonse. Anyamata a m'komboni anapita kukayesa, kugula tiyi mmodzi ndi kukhala pampando. Kwa ena a ku Woodlands amenewo anali mathero a dziko. Kwa anyamatawo inali tiyi chabe, chifukwa voti inali ikalibe. Mu October lipoti la Monckton, komiti imene UNIP ndi ANC anainyanyala, linanena poyera kuti anthu akuda a kumpoto akudana nacho Chitaganya, ndipo linalangiza kuti akhale ochuluka m'nyumba ya malamulo ya Northern Rhodesia.

Masamu a 15-15-15

Mu February 1961 Macleod anatulutsa dongosolo limene anthu analitcha 15-15-15. Mipando 15 inali yosankhidwa ndi ovota a mndandanda wapamwamba, ambiri azungu. Mipando 15 inali ya mndandanda wapansi, pafupifupi onse akuda. Mipando 15 yotsala inali yofuna kuti wopambana apate gawo la mavoti kuchokera mbali zonse ziwiri. Welensky anakwiya mpaka anaitana asilikali achizungu kuti akhale chire. Tsatanetsatane wa dongosololo anasiyidwa kwa Hone kuti akambirane ndi zipani mu Lusaka.

Zimene zinalengezedwa mu June 1961 zinali zitasinthidwa mokomera chipani cha Welensky. Masamu a mipando 15 yapakati anakonzedwa mwakuti munthu wa UNIP zinali zovuta kwambiri kuti apambane. Amwenye ndi makaladi anapatulidwira mpando wawo umodzi, ndipo atsogoleri a amwenye anakana poyera, poona kuti akuchotsedwa pamalo pamene mavoti awo akanatha kusintha zotsatira. Pa mwezi umodzi umenewo Hone anataya chikhulupiriro cha Chilenje ndi Kamwala pamodzi, ndipo Woodlands inapumako pang'ono.

Mu July UNIP inasonkhana pa Mulungushi, pafupi ndi Kabwe. Chimene chinatsatira ndi Cha Cha Cha. Ku Northern ndi ku Luapula makamaka, anthu anagwetsa mitengo m'misewu, anaphwanya milatho, anatentha masukulu ndi nyumba za boma. Zitupa ndi michato zinasonkhanitsidwa ndi kutenthedwa. Boma la Hone linatumiza apolisi ndi asilikali. Anthu oposa 20 anaphedwa, ndipo oposa 2,000 anamangidwa. Mu September London inanena kuti idzaunikanso dongosololo zipolowe zikatha. Reginald Maudling, amene analowa m'malo mwa Macleod, analengeza kusintha kumapeto kwa February 1962.

Ndinafunsa ambuya ngati agogo aamuna anatentha chitupa chawo. Anati sanatenthe. Akanatentha, akanadutsa bwanji kupita ku Woodlands, ndipo ana akanadya chiyani? Koma mng'ono wawo, amene anali kugona pa khonde lathu akufunafuna nchito, anatentha chake, ndipo abale awiriwo anakhala miyezi osalankhulana bwino. Mkangano wa dziko unali utalowa m'nyumba ya chipinda chimodzi.

Kuwerengedwa

Chisankho chinachitika pa 30 October 1962, ndi chobwereza m'madera ena mu December. UFP inapata mipando 16, UNIP 14, ANC 7. Palibe chipani chimene chikanalamulira chokha. Nkumbula, amene anali atagwirizana ndi UFP pa mipando ina, anali ndi kiyi m'manja. Anasankha Kaunda. Mu December 1962 Hone analandira boma loyamba lotsogozedwa ndi zipani za anthu akuda. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963. Mu January 1964 kunachitika chisankho choyamba chimene munthu wamkulu aliyense anavota, ndipo UNIP inapata mipando 55, ANC 10, pamene mipando 10 yosungidwira azungu inapita ku National Progress Party. Tsiku limenelo ambuya anaima pa mzere kwa nthawi yoyamba, azakhali anga ali kumbuyo.

M'zaka ziwiri zomaliza zimenezi Hone ndi Kaunda anagwira nchito limodzi mwaulemu, ndipo ndi apa pamene mbiri yake yabwino inachokera. Koleji ya pa Church Road inatsegulidwa mu 1963, yolandira mitundu yonse, m'dziko limene pofika tsiku la ufulu linali ndi anthu akuda omaliza yunivesite pafupifupi 100 chabe. Atsogoleri atsopano sanachotse dzina lake.

Pali chinanso chimene anasiya, chimene sichilembedwa pa geti. Mu July 1964, nkhondo itabuka pakati pa boma ndi mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali ndi ku Lundazi, kumene anthu mazana ambiri anaphedwa, Hone analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Lamulo limenelo linapitirizidwa ndi boma la Zambia mpaka 1991, ndipo linagwiritsidwa nchito kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ena a iwo omenyera ufulu omwewo. Bata lija limene anayamba nalo mu 1959 linatsala m'kabati ya State House iye atakwera ndege. Anamwalira mu 1979.

Tsono ndani anali wolondola mu minibasi muja, mdala wa jekete kapena mayi wa pafupi ndi chitseko? Ine ndaona kuti onse awiri anali kubwereza mkangano wa mu 1959 osadziwa. Hone amene anali pa mpando pamene Kaunda anamangidwa ndi yemweyo amene anamulandira monga nduna yaikulu. Hone wa June 1961 ndi yemweyo wa December 1962. Sindikhulupirira kuti mtima wake unasintha usiku umodzi. Chimene chinasintha ndi chiwerengero cha anthu amene anali kukakamizika kuwamvera. Mu 1959 mawu a Woodlands anali kulowa ku Government House pa geti yaikulu, pamene a Kabwata anali kuthera pa mpopi. Pofika 1962 a Kabwata anali atapeza njira yomvekera, ena ndi misonkhano, ena ndi kunyanyala, ena ndi moto, ena ndi miyoyo yawo. Ubwino wa Hone, ngati tiufuna, ndi wakuti atamva sanatseke makutu monga anachitira anzake a kum'mwera kwa Zambezi, amene anasankha UDI mu 1965 ndi nkhondo ya zaka zambiri. Umenewo ndi ubwino weniweni, ndipo unapulumutsa magazi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene anamva m'mimba sanali kugona ku Government House.

Lero mipanda ya mtundu inagwa, koma mseu wochokera ku Kabwata kupita ku Kabulonga ukali wautali kuposa makilomita ake. Mtsogoleri watsopano aliyense akalowa, timamva pa wailesi ndi pa Facebook kuti “anthu akondwa” kapena “anthu akhumudwa”. Ndaphunzira kufunsa monga ambuya: anthu ati? A nyumba yokhala ndi thanki ndi jenereta, kapena a pa mzere wa madzi? Amene ali ndi nchito, kapena mlongo wanga amene adzatuluka pa Church Road ndi dipuloma yake kukayamba kuyenda ndi envulopu?

Ndisananyamuke tsiku lija ndinafunsa ambuya ngati dzinalo lichotsedwe. Anati iwo alibe nalo mlandu, likhale, bola ana olowa pa geti adziwe kuti silinawatsegulire lokha. Ndiyeno anandifunsa ngati ine ndi mlongo wanga tili ndi makhadi ovotera. Langa ndinali nalo m'chikwama. La mlongo wanga linali lisanatengedwe, ndipo ambuya anandiuza kuti kalembera akadzatsegulidwanso ndimuperekeze, monga ndinamuperekezera ku koleji.